Makatoni a Kuseri kwa Khitchini

Sieni analonjeza bambo ake pa doko, tsiku lomwe ankanyamuka kupita ku Auckland zaka makumi awiri zapitazo, kuti pa maliro awo sipadzagawidwa ngakhale chitini chimodzi cha nyama. Bambo akewo, a Penitito, mkulu wa zaumoyo pa chilumba cha Savai'i, anachita kumera imvi akulimbana ndi nyama ya m'chitiniyi. Ankati mafuta ndi mchere wake zadula anthu miyendo kuposa shaki, nsomba zolusa za m'nyanja.

Tsopano mtembo wawo unali m'nyumba, ndipo kuseri kwa khitchini kunali makatoni makumi anayi a nyama ya m'chitini, atafunditsidwa lona.

Sieni anayamba kukayikira mlongo wake Lafaele, amene mtima wake unali dyokodyoko kufuna kulowa dzina la ufumu la bambo awo. Akuluakulu a pabanja akanabwerera chimanjamanja, dzinalo likanamudutsa. Lafaele anakana zoti ndiye anagula makatoniwo, osasiya n'komwe kupala kokonati.

"Achemwali, m'sutikesi monse muja mwadzaza mafunso okhaokha? Bambo akudwala, mafunsowa anali kuti?"

Sieni anafunsa azakhali ake a Tausala, iwo n'kungoyang'ana mikeka imene ankapinda. Ngakhale abusa anamupatsa moni ngati munthu amene auzidwa kale kuti asanene kanthu. Mudzi umene Sieni ankaulota m'nyengo yozizira ya ku Auckland unali utaphunzira kunong'ona iye akamadutsa.

Masana a tsiku lachitatu anavundukula lona uja, atatsimikiza zobweza katundu yense kusitolo. Pa katoni iliyonse panali dzina la banja lodzalandira, lolembedwa ndi inki yofiira, zilembo zopendekera kumanzere. Ankazidziwa zilembozo. Zinali pa khadi lake la katemera, zinalinso m'makalata amene iye ankachedwa kuyankha.

A Tausala anali ataima kumbuyo kwake.

"Bambo ako anakagula okha, atangotuluka m'chipatala nthawi ya Pasaka. Anati ana awo asadzasanduke nyimbo pa mudzi pano. Iwe anati tisakuuze, poti unatengera liuma lawo."

Sieni anawerama. Pansi pa dzina lililonse, ngakhale la abusa, panali mzere wina wa tizilembo ting'onoting'ono: Tsanulani mafuta musanadye. Muikemo masamba ambiri.

M'mawa wa tsiku loika maliro, Sieni anagawa makatoni onse makumi anayi ndi manja ake.