Khutu la Aphunzitsi Kalilangwe

Pa Chintheche panalibe munthu wa khutu ngati aphunzitsi a Jeremiah Kalilangwe, ndipo wofuna kutsutsa abwere tidzakambirane. Bambowa anachokera ku Dedza kudzaphunzitsa pasukulu ina cha ku Bandawe, n'kukhalitsa mpaka imvi mbuu. Kwaya ya kutchalitchi inali m'manja mwawo zaka makumi awiri. Anthu makumi anayi akuimba, iwo ankatha kutambasula chala n'kuloza mmodzi yekhayo amene wasemphana ndi anzake, ndipo sankaphonya. Kunyumba nako kunali lamulo: nyimbo ikamalira, pakamwa patsekedwe. Ukangoyamba kulankhula, chala chinkakwera pamilomo yawo, kaya ndiwe mlendo, kaya ndiwe mbusa.

Akazi awo, mayi Phillis, anali namwino, ndipo iwo za nyimbo ankangoti bola ikumveka. Ankawaseka amuna awo akamapukuta masipika awiri akuluakulu a matabwa ndi ampulifaya yakale, zomwe bamboyo anagula asanakwatire, n'kumati m'nyumba muno muli mitala. Koma kuseri ankanyadira zedi. Ankakonda kuwabera diso akumvera nyimbo, atatsinzina, dzanja likuyenda lokha m'mwamba.

Kenaka kunabwera sitiroko. Inatenga mbali ya kumanja, inatenganso mawu. Miyezi isanu bambo aja anangokhala pampando wa pabalaza, maso ali kukhoma, osavomera, osakana. Achibale akabwera ankakamba za iwo pamaso pawo ngati akukamba za kabati, ndipo chopweteka n'chakuti a Phillis nawonso anadzipeza akutero. Odwala otere anali atawaona ambiri kuntchito. Mumtima anayamba kuopa kuti mwina thupi lokha ndilo latsala, mwini wake mulibemo.

Mbale wa aphunzitsi, a Mackson, anaimba foni kuchokera ku Dedza. Anati abale agwirizana kuti wodwalayo akapumulire kumudzi, poti a Phillis amaswera kuntchito, komanso munthu afika potere sadziwa n'komwe kuti ali kuti. A Phillis anapempha mwezi umodzi. Analonjeza kuti mwezi ukatha amuna awo osaonetsa kuti akumva, sadzalimbananso nawo abale, adzalongeza okha chikwama.

Chida chimene anadalira chinali nyimbo. Tsoka ilo, makaseti onse chinyezi cha kunyanja kuno chinali chitawadya, ndipo chowimbira masidi chinafa kalekale. Mwana wawo Luso, wa ku Lilongwe, anawauza kuti masiku ano nyimbo amangotunga pa intaneti ngati madzi a pampopi. Anati agula iye chotungiracho, amayi angosankha, n'kuwatumizira zithunzi mbwee pa foni. A Phillis anaziyang'ana mpaka mutu kuwawa. Zonse zinali timabokosi takuda tofanana.

Apa m'pamene anaitana a Davie, bambo wa ana anayi, woyang'anira chipinda chodyera pa loji ina cha ku Makuzi. A Davie anaimbapo mawu a tena m'kwaya ya aphunzitsi, ndipo ndi iwo amene analumikiza zoimbira nyimbo za ku loji. Anafotokoza kuti timabokosito tili pawiri. Tina tili ndi kasipika kake, umangoyatsa basi kayamba kubwebweta. Tina tilibe mawu akeake, amati sitirima, ntchito yake n'kutunga nyimbo pa wayifayi n'kuipereka ku ampulifaya kudzera pa chingwe. Luso ankafuna koyambako, ati n'kamakono, ndipo zimasipika zija zichoke zikudya malo. A Phillis anakana kwamtuwagalu. Anati mitala sathamangitsa mwini wake ali moyo. A Davie anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anagwada kuseri kwa ampulifaya, n'kusankha sitirima yokhala ndi mabowo ofanana ndi a ampulifayayo, lofiira ndi loyera, komanso yosaiwala zinthu magetsi akazima.

Inabwera pa basi, m'katoni limodzi ndi kachewere. A Davie anailumikiza mothamanga chifukwa ku loji kunali alendo. Potuluka anati makampani ogulitsa nyimbowa amapereka masiku oyeserera, amayi ayese atatu pa foni pawo, aone amene aphunzitsi angamukonde.

Tsono aliyense wogula bandulo m'dziko muno amadziwa chimene chala chimachita chikalowa mu apu yatsopano. Chimathamangira kukafuna pamene pamasunga bandulo, mutu usanaganize n'komwe. A Phillis anali katswiri pamenepo. Kuntchito anzawo ankawabweretsera mafoni kuti awatsekere mipata. Mu apu iliyonse mwa zitatuzo anasankha mlingo wapansi penipeni wa kamvekedwe ka nyimbo, n'kudziyamikira kuti ndi mayi wodziwa kusamala.

Kampani yoyamba inali ndi nyimbo zakunja zosawerengeka, koma atalemba dzina la kwaya ya kuno inangowabweretsera anthu a kutsidya kwa nyanja zamchere. Yachiwiri inali nazo za kwathu zingapo, za m'mabala zokhazokha. Yachitatu ndiyo inawaimitsa mtima. Munali makwaya a ku Nkhoma, a ku Ekwendeni, ndipo pakati pawo, taonani, kwaya ya amuna awo, nyimbo zimene anakajambula ku Mzuzu zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Anatsala pang'ono kululutira okha m'nyumba.

Anawakhazika bwino aphunzitsi, n'kuyatsa. Bambo aja anamvera kanthawi kochepa, kenaka anatembenuzira nkhope kuwindo. M'mawa mwake chimodzimodzi. A Phillis anaganiza kuti mwina makutu agontha, anakweza mpaka mayi Mavis a nyumba yoyandikana anabwera kudzafunsa ngati kuli chinkhoswe chimene sanaitanidwe. Aphunzitsi anangotsinzina, nkhope ili kumbali. Anawayesera makampani onse atatu, m'mawa ndi masana, monga amayesera mankhwala, koma zinali zomwezo. Munthu osazindikira kwaya yakeyake! Tsiku limenelo a Phillis analira m'khitchini, kulira kwenikweni kwa munthu woferedwa. Mlungu wotsatira anayamba kusita malaya a amuna awo ndi kuwapinda m'chikwama.

Loweruka m'mawa a Mackson anafika ndi galimoto, dalaivala n'kukwezamo chikwama chija. Sanali munthu woipa ayi, mbale wawoyo ankamukonda, kungoti anali atatsimikiza kale. Anakhala pabalaza akumwa tiyi, akufotokoza za chipinda chimene akonza kumudzi. A Phillis anayatsa nyimbo zija chapansipansi, poganiza kuti mwini nyumba asatuluke m'nyumba ya zii. Nthawi yomweyo anatulukira a Davie pa njinga yamoto kudzatsanzika aphunzitsi awo. Anaodira, analowa, koma asanapereke moni anaima chilili, khutu ali tcheru.

"Ama, besi yapita kuti?"

A Phillis sanamvetse. Anati nyimbo ndi yomweyo, sanachotsemo munthu. A Davie anapempha foni, anakandakanda, n'kugwira mutu. Anawaonetsa kachizindikiro kamene anasankha kaja. Anati pofuna kusunga bandulo, makinawa amaipeta nyimbo n'kutaya zambiri, chofika kuno ndi madeya. Pa kasipika ka foni sungadziwe, koma masipika a aphunzitsiwa sabisa kanthu. Anawachenjeza kuti mlingo wapamwamba, umene umabweretsa nyimbo yonse monga inajambulidwira, umadya bandulo ngati chiswe.

"Idye," anatero a Phillis.

A Davie anadina, n'kuyambitsanso nyimbo. Ngakhale a Phillis, amene khutu lawo linali la bola ikumveka, anamva kusintha. Choyamba kunamveka mpweya, anthu makumi anayi kukoka mpweya pamodzi asanayambe. Kenaka amayi a sopurano analowa kumanzere, a alito pambali pawo, ndipo pansi pa onsewo panadzuka abambo a besi, mawu olemera omveka m'chifuwa ndi m'miyendo ya mpando. Zinali ngati khoma lachoka, kwaya yaima pabalaza pomwepo.

Nkhope ya aphunzitsi inachoka kuwindo pang'onopang'ono. Dzanja lamanzere, limene miyezi yonseyi linangogona pabondo, linanyamuka. Linagwedera kaye, kenaka linapeza mayendedwe ake, kutsika, kukwera, kuwaitana a besi, kuwabweza a sopurano kuti asathamange. A Mackson anatula kapu pansi.

Ndime yachitatu itangoyamba, dzanja lija linaima. Nsidze zinakumana. Chala chinatambasuka, chinayenda mozungulira chipinda, n'kukaima pachifuwa pa a Davie, chikugwedezeka monga chinkachitira kale. A Davie anakhala pansi pa simenti, akuseka misozi ili chuchuchu. Anaulula kuti tsiku lojambula lija iwo analowa msanga pa ndime imeneyo, pang'ono pokha, moti wojambula sanamve n'komwe, koma aphunzitsi anawakalipira mu minibasi kuchokera ku Mzuzu mpaka pa Chintheche.

"Zaka khumi ndi ziwiri, ada," anatero a Davie, "simunandikhululukirebe?"

Mbali yamoyo ya pakamwa pa aphunzitsi inakwera pang'ono. A Mackson anatulutsa mpango n'kudzipukuta kumaso, kenaka anadzuka mwakachetechete kukauza dalaivala kuti atsitse chikwama chija.

Manyazi ndi chimwemwe zinawagwira a Phillis pamodzi. Masabata atatu onsewo ankayesa kuti amuna awo sakumva, chikhalirecho bamboyo amamva kuposa onse m'nyumbamo. Kutembenuka kuja kunali kukana. Opanda mawu, opanda dzanja lamanja, chikwama chikulongezedwa pamaso pawo, anakanabe kuvomereza kuti madeya ndi ufa. Ndi angati angatero? Anagwada pambali pa mpando, n'kuwagwira bondo, ndipo koyamba m'miyezi yambiri analankhula nawo mwachindunji.

"Bambo a Luso, mundikhululukire. Ndine ndimakupatsani zopetapeta. Ndinkangoti mwina inu..."

Sanamalize. Aphunzitsi anawayang'ana m'maso, n'kukweza chala mpaka pamilomo. Nyimbo inali isanathe.