Kumeza Kakhumi

Panatha miyezi isanu ndi umodzi chakudya chikuwaima pachifuwa Apampando. Kenako madzi omwe anayamba kubwerera. Lamba anabooledwa mabowo atatu atsopano. Chomwe sichinawonde ndi mawu okha.

Mkazi wawo anafika nawo kuchipatala atawagwira mkono. Dokotala, mayi wamfupi wa magalasi, anafotokoza kuti alowetsa kapaipi m'mphuno mpaka m'mimba, makina aone mmene kummero kukufinyira. Matenda otere ali mitundumitundu, ndipo opaleshoni siyingachitike mtundu wake usanadziwike.

"Mumeza madzi kakhumi. Pakatipo osameza, osayankhula. Makinawa ndi obwereka, mawa akubwerera. Tikalephera lero, mudikira miyezi inayi."

Mkazi uja anayang'ana khosi la mwamuna wake likusambira mu kolala. Miyezi inayi panalibe.

Kapaipi kanalowa, misozi ikutsika. Kumeza koyamba kunayenda bwino.

"Adokotala," anayamba Apampando, "ine ndatsogolera makomiti asanu ndi awiri, ndiye zamakinazi..."

Mizere ya pakompyuta inasokonekera.

"Bambo, chonde. Tiyambirenso."

Anayambiranso. Atameza kanayi, Apampando anapereka maganizo awo pa matendawa. Panja, pabenchi, odwala ena asanu ankadikira ndi njala ya kuyambira dzulo.

"Uwu ndi mwayi womaliza," anatero dokotala. "Zikakanika ndichotsa, alowe wina."

Pa zaka makumi atatu za ukwati, mkaziyo anali asanawadulepo mawu amuna ake. Anawerama n'kuwanong'oneza.

"Bambo a ana, mukatsegulanso pakamwa, mumwalira. Ndipo mbiri yanu pamaliro adzawerenga ndi alamu anga, mng'ono wanu uja. Yonse. Mmene amaidziwira iwo."

Apampando anatong'ola maso. Milomo inagwedezeka, kenako inatsekeka.

Namwino anathira madzi m'kamwa. Kamodzi. Kawiri. Mkaziyo ankawerenga chamumtima, zikhadabo zikumulowa m'chikhato. Atameza kasanu ndi kawiri, Apampando anakweza chala ngati ali pamsonkhano. Mkaziyo anachigwira, n'kuchitsitsa.

Kakhumi.

Dokotala anayang'ana mizere ija nthawi yaitali.

"Khomo lolowera m'mimba silikutseguka. Ndi mtundu wachiwiri. Umenewu umachizika bwino. Lachinayi mubwere tidzakugonekeni."

Mkaziyo anangokhala pampando wa namwino, kumaso ataphimba ndi manja.

Kapaipi katatuluka, Apampando anapukuta mphuno, nakonza tayi.

"Wachiwiri," anatero ndi mawu osasa. "Nanga woyamba mwapatsa ndani?"