Mfuti ya Killian

Pamene a Wiseman ankalowa m'chipinda ndi chitsulo chozulira misomali m'manja, anapeza Peggy atakhala kale pansi, msana atautsamiritsa pa kabati yachitsulo, miyendo atatambalitsa monga amakhalira amayi pa siwa. Duku lakuda linali litapendekeka kumutu, koma iye analibe nalo ntchito.

"Mulamu, chokanipo apo," anatero a Wiseman.

"Sinichoka."

A Wiseman anali akulu ake a Killian Sakala, mwamuna wa Peggy, ndipo anabwera kuchokera ku Lusaka kudzatenga thupi la mng'ono wawo kuti likaikidwe kwawo ku Katete. Killian, dalaivala wa mabasi a ku Romford mu London, anagwa pa depoti akuvala jekete, mtima n'kungoima. M'kabatimo munali mfuti yake, kamfuti ka zipolopolo zazing'ono ngati mtedza, kamene Loweruka lililonse ankapita nako ku kalabu ya owombera mfuti kukaboola mapepala a chandamale.

Nkhani ya a Wiseman inali yachidule. Pa mwambo wa kwawo, mfuti ya mwamuna imapita kwa mwana wa mlongo wake, amene adzalowe dzina, ndipo mnyamatayo, Marvin, anali akudikira ku Katete. Njira a Wiseman anali ataipeza kale: kuikulunga m'bulangete ndi kuiponya mumgolo wa zovala za malemu umene unkapita pa sitima yapamadzi. Ndani angapise dzanja mumgolo wa zovala za maliro? Ankayankhula ngati akunena za kulowetsa nkhuku m'minibasi.

Chinavuta chinali kiyi. Peggy anawauza kuti sakudziwa kumene ali, ndipo a Wiseman anaseka kuseka kwa mwano. Amayi a ku tchalitchi cha ku Tottenham, amene anadzaza pabalaza kudzaimba nyimbo za maliro, anayamba kutsinana. Mkazi wanji wogona chipinda chimodzi ndi mwamuna mpaka imvi, osadziwa kiyi wa kabati? Komatu chinali choona. Lamulo la kuno limati kiyi wa kabati ya mfuti azimudziwa mwini chiphaso yekha, mkazi ayi, mwana ayi. Wapolisi woyendera ankati akamwa tiyi wawo n'kumufunsa Peggy, ngati mocheza, kuti kiyi amakhala pati, ndipo iye akagwedeza mapewa Killian ankanyadira ngati wakhoza mayeso.

Kunena zoona, Peggy mfutiyo ankaida. Anaida pamene Killian, pofuna chiphaso cha mfuti, ankazunguliridwa mutu ndi kalata ya dokotala, mboni, mafunso, ndi apolisi odzagwedeza kabati kuti aone ngati yamangiriridwadi kukhoma. Anaida kwambiri pamene anzawo a ku tchalitchi ankanong'ona kuti munthu wakuda wosunga mfuti mu London akudziitanira tsoka, ndipo adzatipalamulira tonse. Killian sankakangana nawo. Chiphaso anachipeza, ndipo zaka zonsezo palibe tsiku limene dzina lake linalembedwa pa cholakwa. Kenako mwana wawo yekhayo, Towela, anayamba kumutsatira ku kalabu, ndipo tsopano anali atapempha chiphaso chakechake, akudikira yankho. Kabatiyo ikangothyoledwa, Peggy akanaona ndende, ndipo Towela akanaiwala za chiphaso moyo wake wonse.

Peggy anawafotokozera a Wiseman zonsezi, koma iwo anamva chimodzi chokha.

"Mwana mukazi na mfuti? Mulamu, mwapenga? Azungu akusilizani nzelu?"

"Kuno si ku Katete, a Wiseman. Mtembo tengani. Masuti tengani, nsapato, wotchi, vonse. Koma iyi, muzayamba kuphwanya ine."

A Wiseman anatembenukira kwa Towela, amene anaima pakhomo maso ali psuu, namuuza kuti alankhule ndi amake. Mtsikanayo Chinyanja amamva bwino lomwe, koma anayankha m'Chingerezi, mwaulemu wake, kuti amayi alankhula kale.

Apo mpamene Peggy anaulula kuti m'mawa anaimbira foni ku ofesi ya apolisi yoona za mfuti. Anamulola kuti mfutiyo ikhale m'nyumbamo mpaka adzaitenge a Walter a ku kalabu, amene ali ndi chilolezo chosunga mfuti za anthu, ndipo iwo akubwera ndi wotsegula maloko. A Wiseman anapsa mtima. Kuitana apolisi pa maliro a mwamuna wako! Anati akafika kumudzi akauza banja lonse kuti mkazi wa Killian wasankha boma kusiya abale, ndipo asadzayembekeze kuti wina adzamuyalira mphasa ku Katete. Pabalaza nyimbo inaduka pakati.

Mawuwo anamulasa Peggy, pakuti ku Katete kuja n'kumene mwamuna wake ankapita kukagona, ndipo iye ankafuna kuti tsiku lina adzagone pambali pake. Misozi inatsika, koma msana sunachoke pa kabati. A Wiseman anakhala pa bedi, chitsulo chili pamiyendo, ndipo awiriwo anayang'anizana ngati atambala mpaka dzuwa kupendeka. Kwa eni kulibe mkuwe, koma mkuluyu phunziro limenelo linkamulowa movutikira.

A Walter anafika madzulo, mzungu wokalamba wa ndevu zoyera. Ataona mulu wa nsapato pakhomo anavula zawo, nalowa ndi masokosi obooka chala, napepesa aliyense mmodzimmodzi. Wotsegula maloko anapempha malo, ndipo apo ndiye Peggy anasuntha, chokwawa, chifukwa miyendo inali itachita dzanzi. Chitseko chitatseguka, a Wiseman anasuzumira ndi khosi lonse. Munali mfuti yokha, yopukutidwa bwino, itaima chilili. Towela anabweza manja ake kumbuyo, pakuti m'nyumbamo lamulo linali lisanamulole kuikhudza.

A Walter anaitulutsa atailozetsa kukona kopanda munthu, naonetsetsa kuti mulibe chipolopolo. Ataiika paphewa anachita tsinya. Anaitsitsa, naitembenuza, nayang'anitsitsa thabwa lakumbuyo limene limatsamira paphewa. Linali litadulidwa ndi sowo, kufupikitsidwa ngati zala zitatu, kenako kupalidwa ndi kupakidwa vanishi mosamala moti wosadziwa sakanaona.

A Walter anaseka misozi ili m'maso. Anafotokoza kuti miyezi yapitayi Killian, katswiri wa kalabu yonse, anayamba kuphonya, ndipo anzake ankamuseka kuti akagule magalasi. Iye ankangoseka nawo. Chonsecho munthu wamtali ngati uja, wa mikono ngati mitengo, ankawombera atapanikizika ndi mfuti imene anaidula yekha kuti ikwanire munthu wamng'ono.

Palibe anafunsa kuti munthu wamng'onoyo ndani. A Wiseman anayang'ana thabwalo nthawi yaitali, nayang'ana mwana wa mng'ono wawo.

"Anaidula yekha?" anafunsa, mawu atatsika.

"Yekha," anayankha Peggy. "Na ine sananiuze."

Peggy anagwira khoma n'kudzuka. Anapita kwa Towela, natenga dzanja lake lamanja kumbuyo kumene analibisa, nalipinda pachigongono, nalifikitsa pafupi ndi mfuti ili m'manja mwa a Walter, osaikhudza. Kuchokera pachigongono cha mwanayo kufika pa chala chowombera, muyeso unali womwewo wa thabwa lodulidwa lija.