Kuperekeza Joy

Magdalena anali atakwera pa mpando m'bafa, akupukuta chuku chakuda chimene chimamera kudenga nyengo yozizira, pamene Joy anakwera masitepe akuthamanga, foni ili m'manja.

"Ate Magda! Atsegula kalembera wa voti!"

Ate ndi mawu a kwawo kwa Joy, ku Philippines, oitanira mkulu wako wamkazi. Awiriwa ankalankhulana m'Chingerezi, koma mawu amenewa Joy anabwera nawo choncho, ndipo Magdalena anawalandira mwakachetechete.

"Kalembera wa kwanu?" anafunsa, osatsika pa mpando.

"Wa kwathu. Ulendo wathawu ndinaphonya, amayi mpaka lero amandinena kuti ndine mwana wotayika. Ulendo uno ayi. Loweruka lomaliza la mwezi uno ndikukalembetsa. Pasipoti yanga mwaionako?"

"Ili m'kabati ya kukhitchini, kuseri kwa thumba la mpunga."

"Pakanapanda inu, ine ndi mutu womwe ndikanataya."

Joy anatsika akuimba. Magdalena anatsala ndi kansanza m'manja, viniga akutsikira m'chigongono.

Iye ankadziwa kalembera wa mtundu umodzi. Umapita pa sukulu ya pulayimale ya kwanu, umakhala pa mzere, amakujambula, ndipo tsiku la voti umabwerera pa sukulu yomweyo. Chisankho cha ku Malawi chitafika, Amalawi a mu Dublin amene anafunitsitsa kuvota anachita kukwera ndege, enawo anangomvera zotsatira pa foni. Munthu wofuna kulembetsa amapita kwawo. Tsono Joy anali atanenapo kangapo, akuyang'ana pa zenera: "Ndikadzakwera ndege ya kwathu, Ate, sindidzabweranso. Ndatopa ndi mvula yopanda fungo."

Magdalena anapukuta denga lonse, ngakhale mbali imene inali yoyera kale.

Ankakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri ku Finglas. Magdalena ankagwira ntchito ku nyumba yosamalira okalamba, Joy anali namwino pa chipatala cha ku Beaumont. Joy asanabwere, m'chipinda chachiwiricho munadutsa anthu angapo, onse olemba mayina awo pa mkaka mu firiji. Zimenezo zisanachitike Magdalena anakhala zaka ku hositelo ya odikira mapepala, kumene anaphunzira kuti kufunsa zambiri kumabweretsa mayankho amene sungawasenze.

Joy sanalembe dzina pa mkaka. Magdalena akabwera nsapato zitanyowa, m'mawa ankazipeza pafupi ndi hita, mkati mwake mwaikidwa nyuzipepala. Mpunga unkatsala nthawi zonse m'poto wamagetsi, wokwanira munthu mmodzi. Akapezana onse madzulo ankanena korona pa tebulo la kukhitchini, Joy theka loyamba la Tikuoneni Maria m'chilankhulo chake, Magdalena kumaliza m'Chichewa. Palibe ankamva mawu a mnzake, koma aliyense ankadziwa polowera.

Lolemba lake panafika katoni. Inali yaikulu yoti munthu wamkulu n'kukhalamo, ndipo Joy anaiimika pabalaza n'kuyamba kuidzaza. Analongedza matawulo, sopo, chokoleti, nsapato za ana, khofi, mafuta odzola. Analongedzamo ngakhale jekete lake lofiira.

"Jeketelo sulifunanso?" anafunsa Magdalena.

"Kwathu kuli amene akulifuna kuposa ine. Gwirani apa, tepi ikuvuta."

Magdalena anagwira. Anadikira kuti mwina tsopano Joy akhala pansi, apinde manja, anene mawu amene munthu wochoka amanena. Kwawo ku Dedza ngakhale wopita ku Lilongwe kukagona masiku awiri ankadutsa pakhomo kudzatsanzika. Wochoka osatsanzika ndi wakuba, kapena amene sanakuwerengereni ngati anthu. Joy anadula tepi ndi mano n'kufunsa ngati mazira atsala.

Sabata imeneyo Magdalena anayamba kubwera mochedwerako. Ankatsika basi siteji imodzi isanakwane yake n'kuyenda wapansi. Mpunga ankauona koma osautenga. Korona ankanena yekha m'chipinda, chitseko chotseka, ndipo pakati pa pemphero ankaima pamalo pamene mawu a Joy ankayenera kulowa. Ku ntchito gogo wina wa Chiairishi amene sankadziwanso dzina lake lomwe anamugwira dzanja pomwe ankamupesa tsitsi, n'kunena kuti, "Wazizidwa, mwana wanga." Magdalena anathokoza Mulungu chifukwa cha mawuwo, popeza tsiku limenelo panalibe ena.

Lamulungu itatha Misa imene Amalawi ankakumanako, mayi Clementina anamupeza pa tebulo la tiyi. Anali mayi wachangu, wodziwa aliyense wofuna ntchito ndi aliyense wofuna pogona.

"Asisi, nkhope imeneyi ndi ya Lenti kapena ya ma night shift?"

"Ndili bwino."

"Bwino wake ameneyo? Nanga Mfilipino wanu uja lero mwamusiya kuti? Paja mumayenda ngati mapasa."

Magdalena anayang'ana m'kapu. Mawu anatuluka okha, chifukwa anali atakhala masiku ambiri opanda kopita.

"Akupita kwawo. Kumapeto kwa mwezi."

"For good?"

"Akukalembetsa voti. Katundu walongedza kale."

"Ayi ndiye wapita ameneyo. Pepani asisi." Mayi Clementina anapukusa mutu kamodzi, kenako maso awo anawala. "Ndiye kuti room ikhala free? Mukudziwa Chiku, mwana wa achimwene anga, akugona pa sofa kwathu chibwerere. Msana watha mwana uja. Landlord wanu ndi ndani?"

"A Dennis."

"Ndipatseni nambala, asisi. Mu Dublin muno room ikamveka m'mawa, masana yapita. Kodi si bwino kuti mukhale ndi wakwanu, wodya zomwe mumadya?"

Magdalena anadziwa kuti akanayenera kunena kuti dikirani ndiyambe ndamufunsa mwini wake. Koma anaganiza za mayina olembedwa pa mkaka. Anaganizanso kuti munthu amene sanatsanzike alibe chifukwa chofunsidwira. Anatulutsa foni n'kuwerenga nambala.

Lachisanu galimoto inabwera kudzatenga katoni ija. Pabalaza panatsala chizindikiro chake pa kapeti. Madzulo Joy anagogoda pa chitseko cha Magdalena, n'kulankhula ali panja.

"Ate, mukudwala? Simukudya."

"Ndi kutopa chabe."

"Mawa muli off. Mundiperekeze. Sindikufuna kupita ndekha."

Kuperekeza sakana, ngakhale wokulakwira. Mlendo umamutulutsa mpaka pa msewu, umamunyamulira chikwama, kenako umabwerera wekha.

"Ndikuperekeza," anatero.

M'mawa anavala diresi lake la ku tchalitchi. M'chikwama anaikamo chitenje chatsopano chimene anasunga chibwerere kuchokera kumudzi, kuti akampatse pa chipata cha ndege. Joy anatuluka ndi kachikwama ka m'manja basi. Magdalena anaganiza kuti zonse zinapita ndi katoni.

Basi imene anakwera inalowera m'tauni. Magdalena anaganiza kuti akasintha ina ya ku eyapoti. Koma atatsika, Joy anamukoka dzanja kulowa m'kamsewu, mpaka pa holo ina pafupi ndi tchalitchi. Pakhomo panali mbendera ya buluu, yofiira ndi yoyera, yokhala ndi dzuwa. Mkati munali phokoso la Afilipino ambirimbiri, ena akadali mu yunifolomu ya ku chipatala, ena ndi ana m'manja. Kutsogolo kunali matebulo, makompyuta ndi kamera. Kumbuyo amayi ankagawa timikate ta mpunga.

"Ano ndi malo anji?" anafunsa Magdalena.

"Ndi pano. A ku ofesi ya kazembe wathu abwera kudzatilemba. Khalani apa, ndisungireni malo."

Anakhala pa mpando wa pulasitiki pafupi ndi khoma. Mayi wina wachikulire amene sankamudziwa anamuikira kamkate m'manja, pa kapepala, n'kumwetulira osafunsa kuti iye ndi wa kuti. Magdalena anaonerera Joy akusuntha ndi mzere, akupereka pasipoti, akukonza tsitsi kamera isanajambule, akuika zala pa kagalasi. Kenako anabwera akupukuta chala pa siketi.

"Zatheka! Chithunzi chake ndaoneka ngati wothawa kundende, koma zatheka. Tiyeni tikadye."

"Nanga ndege?"

"Ndege yanji?"

"Ya kwanu. Yokavotera."

Joy anaseka mpaka anthu anatembenuka. "Ate! Ndikwere ndege chifukwa cha voti? Ndidzavotera konkuno. Ulendo wathawu anzanga anavota pa foni, wina ali pa break ku wodi. Chisankho chake chikadali kutali."

"Koma katoni ija."

"Ija ndi ya mphatso. Tonse timatumiza choncho, imayenda pa sitima miyezi. Jekete lija ndi la mng'ono wanga, akupita ku Korea." Anasiya kuseka. "Kodi inu kwanu sabwera kudzakulembani?"

"Sabwera."

"Ndiye mumavota bwanji?"

"Sitivota. Ukachoka, wachoka."

Magdalena anayang'ana matebulo aja. Anthu anayenda ulendo kudzafunafuna anamwino awo m'holo yozizira ya dziko la eni, kudzawafunsa mayina ndi kuwajambula, kuti nawonso awerengedwe. Iye dzina lake linalembedwa komaliza ndi dzanja la Mmalawi pa chipata cha bwalo la ndege la Kamuzu, tsiku lonyamuka. Mtima wake unapepuka chifukwa Joy sakupita, ndipo nthawi yomweyo unalemera ndi chinthu china chimene analibe nacho dzina. Ali mkati moganiza zimenezi anakumbukira mayi Clementina ndi nambala ija anawapatsa.

Anatsegula pakamwa kuti anene, koma foni ya Joy inayamba kulira.

"A Dennis," anatero Joy, n'kuyankha. Anamvetsera. Anatseka khutu linalo ndi chala. "Kuchoka? Ine? Ayi, sindinanene zimenezo. Ndani?" Anamvetseranso nthawi yaitali. "Mwamulonjeza kale? Ayi, musabwere naye mawa. Chonde dikirani. Ndikuimbirani."

Anatsitsa foni pang'onopang'ono.

"Akuti mayi wina wa ku Malawi anawaimbira kuti ine ndikupita kwathu kumapeto kwa mwezi. Akuti nambala anaitenga kwa inu. Chipinda changa alonjeza mtsikana wina." Mawu ake anali otsika, opanda mkwiyo, ndipo zimenezo ndi zimene zinapweteka kwambiri. "Za chipinda ndikangana nawo, mwina zitheka. Koma Ate, n'chifukwa chake munasiya kudya mpunga wanga? Mukanangondiuza kuti mukufuna kukhala ndi wakwanu. Ndikanamva. Ine ndimaona ngati tili bwino."

"Sunatsanzike," anatero Magdalena. "Ndinadikira kuti utsanzike."

"Nditsanzike ndikupita kuti?"

Joy anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, anakoleka kachikwama paphewa n'kuyamba kulowera kukhomo, akudutsa pakati pa anthu a kwawo amene ankamuitana ndi kumufunsa ngati wadya.

Magdalena anali asanakwezepo mawu m'dziko limeneli. Ku hositelo, m'basi, ku ntchito, anthu ankachita kuwerama kuti amumve. Anaimirira, anatsatira mapazi angapo, kenako anagwada pa simenti yozizira monga amagwadira kwawo munthu wolakwira mnzake. Amene anali pafupi anapatuka. Chingerezi chinamuthawa, ndipo chimene chinatuluka, mokweza mpaka a pa matebulo anadzutsa mitu, chinali Chichewa.

"Achemwali!"

Joy anaima pakhomo, osatembenuka.

"Achemwali, ndinaopa kutsala ndekha, ndipo sindinakufunseni. Ndalakwa ine. Ndikhululukireni."