Wotchi ya a Kapitawo Winston

Kachitsulo kophimba timagudumu kanakananso kukhala. Swaibu anakanyamula ndi kopanira, nasuzumira mkati mwa wotchiyo ndi galasi lake lapadiso, kenaka anakabwezera. Mbali imodzi inagona bwino, inayo inatukuka ngati chitseko chofufuma ndi mvula.

"Koma zitheka?" anafunsa Rhoda, amene anaima pafupi ndi tebulo lake pakhonde la sitolo pa Bvumbwe.

"Zitheka, mayi. Tangosendezani pang'ono, mukunditchingira kuwala."

Kunena zoona, kuwalako kunalibe. Chiperoni chinali chitakuta dera lonse kuyambira m'mawa, ndipo mphepo yake ndi imene inamulakwira. Swaibu akamamasula wotchi ankaika tizitsulo m'zitsekero za mabotolo motsatizana, kuti pomanga azingobwerera m'mbuyo. Tsikulo mphepo inagubuduza zitsekerozo, iye n'kuwolera zonse m'sosala imodzi. Tsopano timagudumu ndi timasikuluwu tinkangooneka tofanana.

Wotchiyo inali ya bambo ake a Rhoda, a Winston, amene anaipatsidwa ku esiteti popuma ukapitawo wa othyola tiyi. Maso awo anachita khungu kalekale. Nthawi sankaiona ayi, koma m'mawa uliwonse ankapotokola kamutu ka wotchiyo n'kuiika kukhutu. Itangoima, nawonso anasiya kudya.

"Akuti iyo yatsogola, iwo akutsatira," anatero Rhoda. "Phala akungolikankha. Bambo Swaibu, wakabaza akundidikira, ndipo kwa Mphuka si pafupi."

"Kuthamanga si kufika, mayi."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mukufuna ndikaike wotchi yanuyo m'bokosi la maliro?"

Mawuwo anamulowa ngati minga. Ankadziwa bwino lamulo la ntchito yake: sumanga sikuluwu nsonga za timagudumu zisanalowe m'mabowo ake. Koma mayiyo ankapumira pakhosi pake. Anakanikiza kachitsuloko ndi chala, namanga.

Panamveka kaphokoso kakang'ono kamene anakamva iye yekha.

Atakweza kachitsuloko anaona chimene chinkavuta. Anali atasinthanitsa timagudumu tiwiri, ndipo kamene anakakakamiza kanali katathyoka nsonga. Wotchi za mtunduwu zinasiya kupezeka iye akadali mnyamata. Ngakhale ku Limbe akanangomuseka.

"Mwangoti zii bwanji?" anafunsa Rhoda.

"Yathyoka. Ndaithyola ndine."

Rhoda sanalalate. Anangokhala pansi pakhondepo n'kugwira kumutu, ndipo zimenezi zinamupweteka Swaibu kuposa kutukwanidwa.

Nuru, mayi wogulitsa mafoni pa tebulo loyandikana, anali atamva zonse. "Inu achimwene, mukuvutikiranji? Ikani makina a batire m'chigoba chomwecho. Agogowo saona."

"Saona, koma amamva."

"Ndiye bola akamve chete?"

Rhoda anadzutsa mutu. "Ikani," anatero.

Makina a batirewo anali aang'ono, ankagwedera m'chigobamo. Swaibu anawatsinira ndi kapulasitiki mpaka anakhazikika, ndipo mivi inayamba kuyenda. Tizitsulo takale anatiwolera m'bokosi la machesi. Akanatha kutsala, koma chikumbumtima chinamukana. Anaphimba tebulo, nakwera njinga yamoto kumbuyo kwa Rhoda. Anadutsa m'minda ya tiyi, othyola akungooneka madengu okha mu nkhungu.

Anawapeza a Winston atagona pamphasa, atafunda mabulangete awiri. Mbale ya phala inali pambali.

"Ababa, wotchi yanu ija nayi. Amisiri abwera nayo okha," anatero Rhoda atagwada.

Nkhope ya mkuluyo inawala. Anasisita chigobacho, napeza pamene panakandika kalekale, namwetulira. Kenaka anapotokola kamutu. Kanangozungulira kopanda kulimba. Anaiika kukhutu n'kumvetsera nthawi yaitali.

"Yangayo inkathamanga ngati mtima wa mwana," anatero pang'onopang'ono. "Iyi ikuponda kamodzikamodzi, ngati munthu woperekeza maliro. Amisiri, muli pomwepo?"

"Ndili pano, agogo."

"Mtima wake mwauika kuti?"

Rhoda anamuyang'ana Swaibu momupempha. Bodza linali pamlomo pomwe, koma linakana kutuluka.

"Ndinafulumira, agogo, ndipo ndathyola kagudumu kamodzi. Kena sikapezeka. Zonse zili umu."

Anawaika bokosi la machesi lija m'manja. A Winston analigwedeza pafupi ndi khutu, tizitsulo tija tinalira mkatimo, ndipo analiika pachifuwa pawo. Wotchiyo anaitambasulira kumene kunkachokera mawu a Rhoda.

"Uzivala iwe, mwanawe. Imeneyi ndi ya anthu oona."

"Ndamva, ababa. Tsono idyaniko pang'ono, ndakutenthetserani."

"Zikomo, amisiri, posandinamiza. Muyende bwino, njira yaterera." Anatembenukira kukhoma. "Rhoda, phalalo kapatse ana lisanazizire."