Kudimba kwa Esinati

Ndinalota mwana wanga Esinati akundiitana kuchokera m'sutikesi.

Esinati tinamuika m'manda mwezi wa Febuluwale. Anamwalira pobereka, koma khanda lake, Tiyanjane, linatsala. Linkakhala ndi bambo ake, a Damiano, m'nyumba yoyang'anizana ndi yanga, ndipo miyezi inayi yonseyo ndinali ndisanaligwirepo. Likayamba kulira ndinkatseka zenera. Zovala za Esinati ndinakana kuti azigawe. Ndinazitsekera m'sutikesi, kiyi n'kumangirira pansonga ya chitenje.

"Amayi, tsegulani," anatero mawuwo. "Mwandipinda kwambiri."

Ndinatsegula. Zovala munalibe. Munali masitepe a dothi, ozira bwino, otsikira pansi. Ndinavula patapata n'kutsika.

Pansipo ndinapeza khitchini yanga yomwe, koma inalibe denga. Pamphasa panali mbale ziwiri, yanga ndi yamaluwa ofiira imene Esinati ankadyera. Mbale yamaluwayo inatsokomola kaye, kenaka inalankhula mwaulemu.

"Mayi Nambewe, ndikupempha kupuma. Miyezi inayi mukundiikira ndiwo, wodya palibe. Nyerere zandizolowera."

"Mwiniwake akubwera," ndinayankha. "Wangochedwa kuchipatala."

Mbaleyo sinanditsutse. Inangodzivundikira yokha.

Chitseko cha khitchini chinatsegukira pamsewu wa kuchipatala. Pamenepo panali ngolo imene inanyamula Esinati tsiku limene matenda anamuyamba, ng'ombe zake ziwiri zili pagoli, yakuda ndi yoyera. Dzuwa linali likuswa mtengo, fumbi lili ponseponse, koma matayala a ngoloyo anali adakali m'matope a tsiku lija. Mtima unandipsa. Ndinathyola ndodo n'kuyamba kukwapula yakudayo. Ndinaikwapulira kuchedwa kwake, ndinaikwapulira a Damiano amene anachedwa kukabwereka ngolo, ndinaikwapulira mvula, ndinaikwapuliranso Mulungu. Mkono utatopa, ng'ombeyo inatembenuza mutu.

"Mwatha, mayi?"

"Mukanafulumira, mwana wanga akanakhala moyo."

"Tinakoka mpaka goli linatisupula makosi. Akamwini anu analowa m'matope kulekeza m'chiuno, akukankha ndi phewa. Inu munali m'ngolo mutafungatira mutu wa mwana wanu. Simunaone."

Ndinayang'ana khosi lake. Bala linalipodi. Ndodo ija inali itaphuka masamba m'manja mwanga, choncho ndinaizika m'mphepete mwa msewu. Ng'ombe zinati ndikwere. Ngolo inatuluka m'matope mosavuta n'kumayenda pamwamba pa chimanga cha anthu, osathyola phesi ngakhale limodzi.

Tinakaima pamtsinje umene kwathu kulibe. Tsidya lina kunali dimba, ndipo m'dimbamo munali Esinati akuwokera mpiru. Anali atavala diresi lake lobiriwira la kukwaya. Ndinawoloka, madzi akulekeza m'akakolo.

Anandigwadira monga ankachitira kale, n'kundipatsa moni ndi manja awiri. M'manja mwake munali dothi lofunda.

"Mwayenda bwanji, amayi?"

"Ndayenda bwino. Tiye kunyumba."

"Ine kuno ndiye ndafika."

"Ndiye tisinthane. Ine ndakula, zapadziko ndaziona. Ndipatse khasulo nditsale, iwe ukalere mwana wako. Amene amayang'anira kuno ndiwapatsa mbuzi zanga zonse."

"Kuno sasinthana, amayi, ndipo mbuzi salandira. Koma tsitsani kaye katundu wanuyo. Msana ukupindika."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndinali nditabereka chinthu. Ndinamasula chitenje. Unali mwala wa mphero, wolemera ngati thumba la chimanga, ndipo sindinakumbukire kumene ndinauberekera. Esinati anaunyamula ndi dzanja limodzi n'kuuika pamadzi. Unayandama, n'kumapita ndi mtsinje pang'onopang'ono, kambalame katatera pamwamba pake.

Msana unapepuka. Ndinakhala pamzere n'kuyamba kulira. Ngakhale pamaliro sindinalire chotero. Ndinalira mpaka misozi inayenda m'ngalande za dimbalo. Esinati sananditonthoze. Ankangopatutsa madziwo ndi khasu kuti afike kumbewu zonse, ndipo nditatha anandipatsa nsonga ya diresi lake kuti ndipukutire kumaso.

"Bwerani muone," anatero.

Kumapeto kwa dimba, pansi pa nthochi, panagona khanda patsamba. Linali lowonda, liwombo litalowa, maso aakulu. Ndinalidziwa ngakhale ndinali ndisanaliyang'anitsitsepo.

"Uyu akutani kuno?"

"Amabwera tsiku lililonse akagona. Amatsata fungo langa, poti kwanuko sakulipeza. Ine ndimamubweza. Koma masiku ano akuchedwa kubwerera, njira waizolowera. Tsiku lina sadzafuna kuwoloka."

"Bambo ake alipo."

"Alipo, ndipo akuyesetsa. Koma fungo langa ndinalitenga kwa inu, amayi."

Ndinayang'ana kumbali. "Ndikamumva akulira ndimaona ngolo ija. Uyu ndiye anakutenga."

"Sananditenge. Anangobwera, monga ndinabwerera ine kwa inu. Akadzakula mudzamuuze zimenezo, chifukwa anthu adzamuuza zina."

Anamunyamula n'kumununkhiza pamutu nthawi yaitali. Kenaka anamuika kumsana kwanga, n'kumanga yekha chitenje, mfundo ziwiri pachifuwa. Mwanayo anali wopepuka ngati mtolo wa masamba, koma wofunda. Anatsamiritsa tsaya pakati pa mapewa anga.

"Zovala zanga mukagawe," anatero Esinati. "Chitenje chofiira chokha mukasunge, muzikaberekera uyu."

"Ndikamawoloka ndisacheuke?"

Anaseka kuseka kwake kuja, dzanja lili pakamwa. "Cheukani mmene mungafunire. Ine sindithawa."

Pobwerera mtsinje unali utadzaza. Madzi anafika m'mawondo, kenaka m'chiuno. Ndinacheuka: Esinati anali chiimire, khasu lili paphewa. Ndinayenda pang'ono n'kucheukanso: anali atawerama, akuwokera. Kachitatu ndinangomva akuyimba, chifukwa mpiru unali utakula kumuposa. Madzi atafika pachifuwa ndinakankhira mwana m'mwamba mpaka anakhala pamapewa, timanja take titagwira mpango wanga.

Pakati pa mtsinje anayamba kulemera. Ndikaponya phazi, kulemera kunkawonjezeka, ngati akukula ndili naye m'madzi momwemo. Ndinaopa kuti timira. Koma kulemera kwakeko ndiye kunandigwira: mapazi anga ankaponda pansi zolimba, ndipo madzi ankangondizungulira n'kupitirira.

Kutsidya kunalibe gombe. Kunali chitseko cha nyumba ya a Damiano, chitaima chokha m'madzi, chomangidwa ndi waya. Wayayo anali mbali yanga. Ndinayamba kumasula.

Ndinadzuka zala zikupotokola m'mphepete mwa bulangete. Dzuwa linali litatuluka kale, nkhuku zikupalasa pabwalo. Kunyumba ina ija kunkamveka kulira kwapansipansi, kwa mwana wotopa. Ndinadutsa bwalo osasamba m'maso.

A Damiano anali pakhonde, mwana ali pamiyendo, kapu ya mkaka ndi sipuni zili m'manja. Malaya anali atavala chotembenuza. Atandiona anafuna kuimirira, mkaka n'kutayika pang'ono.

"Amayi, kwagwanji?"

"Palibe. Wadya?"

"Akukana. Kuyambira dzulo masana wangomwa masipuni atatu. Ndimati ndipite naye kuchipatala."

"Tipita tonse. Bweretsani kuno, bambo a Tiyanjane."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandipatsa mwanayo. Tiyanjane anasiya kulira. Anakwirira mphuno m'khosi mwanga n'kupuma kawiri katatu. Ndinakhala pansi n'kutenga sipuni. Yoyamba analavula, mkaka n'kunditsikira m'bulauzi. Yachiwiri anameza.

A Damiano anakhala m'mbali mwa khonde n'kubisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka.

"Musalirire m'chipewa, bambo," ndinatero. "Lirani bwinobwino. Mukatha mukapope njinga. Onani, yachitatu iyi akumeza."