Ulusi wa pa Mkono wa Nelson

Mwamuna wanga Nelson anapita ku Laos kukaphunzitsa anthu ulimi wothirira, ati miyezi yowerengeka chabe. Kenako kunabwera mliri wa kolona, malire anatsekedwa. Ine ndi mwana wathu Lusekelo tinatsala ku Ellenbrook, kunja kuno kumene tinasamukira, iye m'katauni kena ka m'mbali mwa mtsinje.

Poyamba ankadandaula. Ankaimba pavidiyo ine ndili m'galimoto, nditangoweruka kosamalira okalamba ku Morley, n'kumati kumeneko kulibe chochitika. M'mawa ansembe achibuda amayenda pamzere opanda nsapato, azimayi atagwada m'mbali mwa msewu kuwaikira mpunga m'mbale. Masana azimayiwo amaluka nsalu pansi pa nyumba zokhala pamizati. Mpunga wake ndi womata, amauumba m'manja n'kusunsa m'tsabola. Palibe wokweza mawu, ngakhale njinga yamoto imupondere nkhuku. Ndinamuseka kuti ndiye wapuma ku kamwa langali.

Tsiku lina ndinamuona ndi ulusi woyera pamkono. Ndinapsa mtima. Mkulu wampingo wathunthu, zithumwa? Iye anangoseka. Ati ndi mwambo wawo: anthu amakhala mokuzungulira, aliyense akumanga ulusi n'kukufunira zabwino. Amachitira wodwala, wapaulendo, ndi amene akukwatirana. Iyeyo anali atapeza mpando m'ndege.

Ndegeyo inalephereka, yotsatira chimodzimodzi. Iwo amange ulusi, ine ndichape makatani, ndege ilephereke. Ndinasiya kumuuza Lusekelo. Nelson nayenso anasiya kudandaula. Tsopano nkhani inali ya chifunga cha m'mawa pamtsinje, ndi ya mayi wina wogulitsa msuzi pamsika amene ankadziwa kumuchepetsera tsabola. Ndinkamva ndithu, koma ndinkakhala nditatopa moti kuganiza sindinkafuna.

Malire atatsegulidwa anaimba, ulusi uli mbwee mikono yonse iwiri. Ndinakondwa ngati kamwana, ndipo mpaka lero zimandipweteka kuti anandiona ndikukondwa choncho. Ndinamufunsa tsiku loti ndikamuchingamire ku eyapoti.

"Tikiti sindinagule, amake Lusekelo."

"Mukudwala?"

"Ayi, ndili bwinobwino."

Sindinafunsenso. Kumbuyo kwake kunkamveka anthu akuseka, mbale zikugundana, wina akumuitana dzina lina limene sindinalimvepo. Ndinadula foni n'kuliza galimoto, poti Lusekelo anali akundidikira pageti la sukulu.